Proline amathyola helix, nanga collagen ikhala bwanji helix?

Tiwonge, Luwinga:
Akuluakulu ndithandizeni, mayeso ayandikira. Manotsi a biochemistry akuti amino acid wotchedwa proline amathyola alpha helix (kapotedwe ka tcheni cha puloteni), koma patsamba lina akuti puloteni ya collagen ndi helix, chonsecho ndi yodzaza ndi proline yemweyo. Zikugwirizana bwanji? Komanso akandipatsa peptide (tcheni chachifupi cha ma amino acid), ndidziwa bwanji ngati ingapange helix?

Bambo Gondwe, Katoto:
Achemwali, zonsezo ndi zoona, kungoti ndi ma helix awiri osiyana. Alpha helix ndi imene Pauling, Corey ndi Branson anafotokoza mu 1951. Ndi tcheni chimodzi chopotekera kumanja, ma amino acid 3.6 pa mzunguliro umodzi, aliyense akukwera 1.5 Å (angstrom, yomwe ndi 0.1 nanometer), ndiye kuti mzunguliro wonse ndi 5.4 Å. Chimene chimaigwira ndi hydrogen bond yochoka pa C=O ya amino acid nambala i kupita pa N-H ya i+4.

Vuto la proline lili pomwepo. Nitrogen wake ali mkati mwa mphete, moti akalumikizidwa mu tcheni satsalanso ndi H woti apereke. Mpheteyo imapanikizanso amino acid wa kumbuyo kwake, helix n'kupindika. Koma musalembe kuti proline sapezeka konse mu alpha helix. Pa mzunguliro woyamba amapezeka kawirikawiri, chifukwa ma N-H a pamenepo alibe kale mnzawo wogwirana naye.

Mayi Nyirenda, Chibavi:
Ndiwonjezere za collagen. Tcheni chilichonse pachokha chimapotekera kumanzere, ma amino acid pafupifupi 3.3 pa mzunguliro, ndipo ndi chotambasuka: aliyense akukwera pafupifupi 2.9 Å. Mkati mwa tcheni chimodzi mulibe ma hydrogen bond a i+4 aja, choncho proline alibe choti athyole. M'malo mwake kuuma kwa mphete yake ndi kumene kumathandiza kuti tchenicho chikhale chotero. Kenako matcheni atatu amapotana cha kumanja, ngati chingwe cha nkhosi zitatu.

Dongosolo lake ndi Gly-X-Y mobwerezabwereza: Gly ndi glycine, X ndi Y ndi ma amino acid ena. Glycine ayenera kukhala wachitatu aliyense chifukwa pakati pa matcheni atatuwo malo ndi ochepa, amakwanapo iye yekha. N-H wake ndiye amagwirana ndi C=O ya tcheni choyandikana. Akalowapo amino acid wamkulupo, zotsatira zake zimatha kukhala osteogenesis imperfecta, matenda a mafupa osachedwa kuthyoka. Pa Y nthawi zambiri pamakhala hydroxyproline (proline wowonjezeredwa OH), ndipo enzyme yopanga ameneyu imafuna ayironi ndi vitamini C. N'chifukwa chake wosowa vitamini C amatuluka magazi m'nkhama, zilonda osapola msanga.

Yamikani, Mchengautuwa:
Pa funso lachiwiri, yambani ndi kuwerenga ma amino acid a mu peptide. Alanine (Ala), leucine (Leu), methionine (Met), glutamate (Glu) ndi lysine (Lys) amakonda helix. Gly amapindika mosavuta kwambiri, za proline mwamva kale, ndipo valine, isoleucine ndi threonine akatsatizana amakokera ku beta sheet, kapangidwe kena kosakhala helix.

Kenako jambulani helical wheel, chithunzi cha helix mukaiyang'ana kuchokera pamwamba. Lembani bwalo ndi kampasi, ikani amino acid woyamba pamwamba, wotsatira aliyense mumusunthe madigiri 100, chifukwa 360 kugawa ndi 3.6 ndi 100. Ambiri amaika 90 pofuna kufulumira, pofika wachisanu ndi chiwiri chithunzi chasokonekera. Mukajambula bwino, i, i+3, i+4 ndi i+7 amagwera mbali imodzi. Ngati mbali imeneyo ndi ya Leu yekhayekha, inayo ya Glu ndi Lys, helix yotere mbali ya Leu imabisala madzi, inayo imayang'ana kumadzi.

Tiwonge, Luwinga:
Zikomo kwambiri. Nanga peptide ya Glu yekhayekha? Si mwati Glu amakonda helix?

Yamikani, Mchengautuwa:
Onani pH yomwe yalembedwa pa funsolo. Pa pH 7 ma Glu onse ali ndi chaji ya negative, amakankhana, helix siyipangika. Mukatsitsa pH kufika cha m'ma 4 chajiyo imachoka, helix n'kubwera. Poly-lysine (peptide ya Lys yekhayekha) ndi motsutsana: imafuna pH ya cha m'ma 11 kapena 12. Akakupatsani girafu ya CD (circular dichroism, njira yopimira kapangidwe ka puloteni ndi kuwala), fufuzani maenje awiri, pa 208 nm ndi 222 nm: ndiwo chizindikiro cha alpha helix.