Ndi mankhwala ati opha udzu osapha thonje?

Moni alimi anzanga muno, ndithandizeni nzeru chonde. Ndili ndi maekala awiri a thonje kuno ku Chingale, Zomba, lamera bwino ndithu lili ndi masabata atatu koma udzu eee, kapinga ndi dawe zadzaza mmizere, khovani naye uja ukazula nkumusiya pansi mawa wagwiranso, ndiye aganyu opalira chaka chino mtengo wake sindingakwanitse.

Chomwe chikundiopsa nchoti chaka chatha ndinabwereka sipuleya kwa achimwene amene anathirira mankhwala opha udzu a 2,4-D mchimanga, ndinangotsukuluza ndi madzi basi, thonje langa masamba anapotana nkukhala tingonotingono ngati zala, mizere inayi osabereka bwino. Ndipamene ndinamva kuti mankhwala amenewo amapha zamasamba otambalala ndipo thonje lili mgulu lomwelo. Roundup ndikudziwa kuti sasankha, chobiriwira chilichonse amaotcha, mbewu ya thonje yotchedwa Bt ija imangoteteza ku mbozi osati ku mankhwala a udzu.

Ndiye akundiuza za Fusilade kuti amapha zamtundu wa udzu zokha thonje osalikhudza, alipo anathirapo thonje litamera kale? Kapinga amafadi mpaka mizu kapena amangofota nkuphukanso? Nanga khovani ndi chisoso poti nzamasamba otambalala ngati thonje lomwe, pali mankhwala kapena ndi khasu basi? Komanso sipuleya mumatsuka ndi chani kuti za chaka chatha zisabwerenso. Ngati muno muli alangizi kapena a kafukufuku wa zaulimi ku Makoka tiyankheniko, mvula ikugwa daily udzu sukudikira.