Seva yoonetsera mapemphero live, ndilembe ndalama zingati?

Membala wobisa dzina:
Abale ndithandizeni, mutu waima. Ku mpingo kwathu andipatsa ntchito yoti mapemphero a Lamulungu azioneka live chifukwa cha akhristu athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Leeds. Abusa sakufuna Facebook, akuti ulaliki ukangotha anthu amagwera m'mavidiyo osayenera, ndiye akufuna seva yathuyathu (kompyuta yotumizira anthu vidiyo pa intaneti) pa webusaiti ya mpingo. Mnyamata amene ankajambula anachoka ndi chaja ya kamera, mpaka lero sayankha foni. Msungichuma akufuna bajeti Lachisanu, chonsecho ndalama yanga ya thiransipoti ya mu Marichi sanandibwezerebe. Laputopu ndi ya alamu anga, batire yake sichedwa kutha. Kodi seva yotere imafuna intaneti yochuluka bwanji, nanga pa mwezi ndi zingati?

Bambo a Tadala:
Oonera nthawi imodzi ndi angati? Mapemphero ndi a maola angati? Popanda zimenezi palibe angakuwerengereni.

Mkulu wa ku Area 25:
GULANI STARLINK BASI. Intaneti ya pa setilaiti imeneyi inafika kuno mu 2023, mukuvutikiranji ndi mabandulo? Ine ndinaika padenga, nkhani inatha.

Mayi a Chisomo:
Ife pa maliro a bambo athu kumudzi ku Ntcheu tinkaonetsa pa foni kuti achemwali ku Cape Town aone nawo. Bandulo inatha pomwe amatsitsa bokosi. Mpaka lero akaikumbuka amalira. Chonde musadalire foni imodzi.

Bambo a Tadala:
Akulu a ku 25, Starlink ingothandiza kutumiza chithunzi kuchoka m'tchalitchi. Seva ndi nkhani ina, imatumizira munthu aliyense chithunzi chakechake. Tinene chithunzi cha 2 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti). Pa ola ndi 900 MB kwa munthu mmodzi, maola atatu 2.7 GB. Oonera akakhala 200, seva iyenera kutulutsa 400 Mbps nthawi imodzi, ndipo Lamulungu limodzi ladya 540 GB. Ku AWS, kampani ya Amazon yobwereketsa ma seva, ma seva a ku America amalipiritsa pafupifupi $0.09 pa GB, ndiye madola pafupifupi 49 pa sabata, oyandikira 200 pa mwezi, seva yeniyeniyo osawerengera. Koma akakhala 20 okha, ndi 54 GB basi.

Mkulu wa ku Area 25:
Masamu onsewa ngachiyani? Kwathu ana amaonera mpira, mayi awo ali pa YouTube, palibe chimaima. STARLINK.

Bambo a Tadala:
Kumeneko ndi kulandira, achimwene. Apa tikukamba zotumizira anthu mazana.

Mkulu wa ku Area 25:
Inuyo muli nayo? Ngati mulibe musatsutse.

Agogo a Mphatso:
Ine chikundiwawa ndi chaja. Katundu wa Mulungu munthu n'kumusiya apite naye chonchi? Akulu a mpingo apite kwa makolo ake. Ndipo a pafupi asapezerepo mwayi woonera ali gone pa mphasa, azibwera kutchalitchi.

Wa makamera ku Zomba:
Madola amenewo muwapeza kuti, mmene akusowera? Ikani OBS, pulogalamu yotumizira vidiyo live, pa laputopuyo, ndi yaulere. Tumizani ku YouTube ngati unlisted (yoti aione okhawo amene ali ndi linki), kenaka muike vidiyoyo pa webusaiti ya mpingo. Oonera akhale 10 kapena 1,000, inu mulipira zotumiza zokha, 2.7 GB ija. Muganizirenso oonera a m'mudzi muno, chithunzi chotsikirako cha 480p chimawasungira bandulo. Magetsi akazima laputopu ija ikuchititsani manyazi, pezani inveta.

Mayi a Chisomo:
Zoona za magetsizo. Ifenso foni inatentha kwambiri padzuwa, tinkaiphimba ndi chitenje.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Agogo, kwa makolo ake tinapitako kawiri, akuti ali ku Mzuzu. Mpingo wathu ndi waukulu ndithu, pa Pasaka ena amakhala panja. Ndiye pa pepala la msungichuma ndilembe zingati?

Bambo a Tadala:
Achimwene kapena achemwali, sitikufunsa odzaza tchalitchi. Oonera pa intaneti ndi angati?

Mkulu wa ku Area 25:
Ndanena kale ine. Bwerani kwathu Loweruka mudzaone nokha mmene imathamangira.