Thandizeni, madzi angaphimbedi phokoso la magalimoto?

Moni nonse m'gulu muno. Ine phokoso landikwana abale. Nyumba yathu ili ku Area 25 kuno ku Lilongwe m'mbali mwa msewu wa tala, ndiye mathiraki, maminibasi ndi njinga za kabaza zimayamba kulira 4 koloko m'mawa, mayi anga ndi achikulire tulo sakulipeza ndipo pakhonde pomwe amakonda kukhala masana sitimvana nkomwe.

Mpanda wa njerwa tinakweza kufika mamita awiri, tinadzala maluwa oyanga, makatani olemera tinaika, zangosintha pang'ono. Kenako ndinawerenga za Paley Park ku New York komwe anamanga mathithi pakhoma kuti mkokomo wa madzi uziphimba phokoso la mumsewu. Ndayesa ndi kapampu kakang'ono m'beseni la simenti koma kakungomveka ngati mpopi wodontha, thiraki ikadutsa basi ngati palibe chilichonse.

Alipo anapangapo zimenezi? Pampu ikhale ya mawatsi angati, nanga madzi azigwa kuchokera patali bwanji? Ndiike pafupi ndi khonde kapena kumpanda? Komanso ya sola ingakwanitse? Ndikuopa kuti magetsi akathima madzi adzangoima nkumaswa udzudzu. Chonde ndithandizeni.