Malire a total protein ndi globulin: kodi a pa kapepala ka reagent ndi athu?

Wa_Labu: Akuluakulu a m'malabu, ndigawireni nzeru. Timapepala ta reagent (mankhwala oyezera) timati total protein (mapuloteni onse a m'madzi a magazi, albumin ndi globulin pamodzi) ikhale cha pakati pa 60 ndi 80 g/L, koma kuno anthu athanzi ndithu amatha kudutsa 80 pomwe albumin ili bwinobwino. Vuto ndi makina kapena malirewo? Nanga labu ingakhazikitse bwanji akeake?

Biuret: Ngati QC (kuyesa makina ndi sampulo yodziwika kale zotsatira zake) ikutuluka bwino, makina asiyeni. Malire ambiri a pa timapepalato anatengedwa pa anthu a ku Ulaya ndi ku America. Kuno IgG (globulin yoteteza thupi ku matenda) imakhala yokwererapo, mwa zina chifukwa thupi limangokhalira kulimbana ndi malungo, likodzo ndi njoka zam'mimba, ndiye globulin imakoka total protein kupita nayo m'mwamba.

Yambani ndi njira yotsika mtengo ya mu CLSI EP28, buku la malangizo okhazikitsira malire a m'labu. Yezani anthu athanzi 20. Ngati otuluka kunja kwa malire sakupitirira 2, malirewo atengeni. Akakhala 3 kapena 4, yezani ena 20. Zikakanikanso, mupange anu: anthu osachepera 120 pa gulu lililonse. Ndandalikani zotsatira kuyambira yotsikitsitsa, malire akhale pa 2.5% ndi 97.5%, kutanthauza cha pa munthu wachitatu ndi wa nambala 118. Chotsatira chakumapeto chikatalikirana ndi chinzake kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse, lamulo la Dixon limalola kuchichotsa.

Mayi_Chemistry: Bambo Biuret anena zoona, koma ntchito imawonongekera potenga magazi. Munthu akhale pansi mphindi 15 musanamubaye, chifukwa akaimirira madzi amachepa m'mitsempha ndipo mapuloteni amaoneka okwera. Lamba wa pamkono asadutse mphindi imodzi. Musaphatikize serum (madzi otsala magazi akaundana) ndi plasma (madzi a magazi osaundana), poti plasma ili ndi fibrinogen, puloteni younditsa magazi, yomwe imawonjezera 2 mpaka 4 g/L.

Lembaninso njira yoyezera albumin. Utoto woyezera wa BCG (bromocresol green) umagwirako ndi maglobulin ena, motero albumin imaoneka yokwera kuposa pa utoto wa BCP (bromocresol purple), ndipo globulin yomwe mumaipeza pochotsa albumin pa total protein imatsika mwabodza. Malire a BCG musawasamutsire pa BCP.

Dokotala_K: Mawu oti "wathanzi" ndi amene amavuta. Kuoneka bwino sikokwanira. Yezani HIV, hepatitis B ndi C, malungo ndi CRP (chizindikiro cha kutupa m'thupi), apo ayi malire apamwamba afufuma ndi odwala osadziwika. Amayi oyembekezera akhale gulu lawolawo poti albumin yawo imatsika, makanda nawonso chifukwa IgG yochokera kwa mayi imafika pansi pakati pa miyezi 3 ndi 6.

Ndipo malire akakwera, madokotala asagone. Myeloma (khansa ya m'mafuta a m'mafupa) ndi MGUS (vuto lomwe limatha kusanduka myeloma) zimapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa azungu. Wachikulire wa globulin yokwera, wochepa magazi, womva kuwawa msana kapena wa creatinine yokwera (chizindikiro cha vuto la impso) apite ku electrophoresis, njira yolekanitsa mapuloteni m'magulu, kuti tione ngati gamma (gulu lomwe muli IgG) yakwera motambalala kapena pali nsonga imodzi yosongoka.