Akatitulutsa m'nyumba ino, wotipatsa pogona ndani: khonsolo kapena boma lalikulu?

Mayi wa ku Doornfontein

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala m'nyumba ina yosanja kuno ku Doornfontein, chakufupi ndi bwalo la Ellis Park. Kale inali fakitale, anthu anaidula ndi mabolodi n'kupanga tizipinda. M'kachipinda kanga ndimagona ndi ana awiri, wamkulu ali giredi 5. Renti timapereka kwa anyamata okhala pageti, lisiti kulibe, ndipo mwini nyumba weniweni sitinamuonepo chilowereni. Madzi tonse timatunga pampopi umodzi wapansi.

Sabata yatha tinadzuka n'kupeza mapepala a kukhoti atamatidwa pageti. Akuti mwini wake wapezeka, akufuna tichoke. Kenako kunabwera anthu ndi mafomu, akulemba dzina, ana angati, umapeza zingati pamwezi, ndi nambala ya ID kapena pasipoti. Anati ndi kalembera woti khoti lidziwe amene adzasowe kolowera. Koma mmodzi mwa iwo anatiuza m'maso muli gwa kuti malo ogona ndi a eni dziko, ife obwera nkhani yathu ndi ya boma lalikulu.

Mnzanga wa chipinda choyandikana ndi changa ndi wa ku Bukavu, ku Congo. Anathawa nkhondo, ali ndi pepala la asylum lija amawonjezera masiku. Iye ndiye anandifunsa funso limene landisowetsa tulo: boma lalikulu limapereka mapepala, kodi linayamba lamangirapo wothawa nkhondo nyumba? Ngati awa akuti pitani uko, ndipo uko ntchito yawo ndi mapepala basi, ife ndi ana tikagona pati?

Ine sindine wothawa nkhondo, ndinathawa umphawi wa ku Machinga. Masiku 30 amene anandidindira pa Beitbridge anatha kalekale. Ndimachapa ndi kusita kwa anthu ku Kensington. Ndiye ndikufunsa ziwiri. Udindo wotipatsa pogona ndi wa ndani kwenikweni? Nanga dzina langa ndilembetse pa kalembera uja, kapena ndikudzipereka ndekha ku Lindela, kumene amatsekera opanda mapepala asanawabweze kwawo?

Telala wa ku Fordsburg

Mayi, pepani ndi zimenezi. Ine ndine telala chabe, koma nyumba imene ndinkakhala kale inadutsa m'njira yomweyi, ndiye ndinakhala nawo pa misonkhano ndi maloya mpaka zina zinandilowa m'mutu.

Choyamba, mtima m'malo. Pepala lomatidwa pageti si chigamulo. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu sangatulutsidwe pamene akukhala popanda chilolezo cha khoti, ndipo limanena za aliyense, osati nzika zokha. Palinso lamulo la 1998 limene amalitchula kuti PIE, lokakamiza woweruza kuona kaye ngati pali ana, okalamba, olumala ndi mabanja oyendetsedwa ndi amayi, komanso kumene anthuwo adzapite.

Za kukankhirana udindo zimene mwamvazo si zachilendo, zinafika kale ku khoti lalikulu la malamulo, Constitutional Court. Pafupi ndi kwanu komweko, mu Saratoga Avenue, munali anthu 86 amene ankakhala m'nyumba yakale ya kampani yotchedwa Blue Moonlight. Kampaniyo inafuna kuwatulutsa. Khonsolo ya Johannesburg inauza khoti kuti anthu otulutsidwa ndi mwini nyumba wamba si ake, ndiponso ndalama za pogona padzidzidzi ziyenera kuchokera kuchigawo ndi kuboma lalikulu. Mu December 2011 khoti linakana mfundo imeneyo. Linati khonsolo ili ndi udindo wokonzeratu ndi kuika ndalama pambali, ndipo iwapatse anthuwo pogona pongoyembekezera tsiku lotuluka lisanafike.

Vuto lili apa. Za malire, ma visa ndi othawa kwawo zili m'manja mwa boma lalikulu lokha, kudzera ku unduna wa za m'dziko, Home Affairs. Dziko lino lilibe misasa ya othawa nkhondo ngati Dzaleka kwathu. Lamulo la othawa kwawo la 1998 limawalola kukhala pakati pa anthu, koma pogona aliyense adzionere. Ndiye munthu akasowa pokhala amagwera pakhomo pa khonsolo, khonsolo n'kumati anthuwa sitinawalowetse ndife. A Herman Mashaba ali meya, kuyambira 2016 mpaka 2019, ankanena zimenezi kawirikawiri, mpaka kuopseza kuti atengera Home Affairs kukhoti. Nyumba za RDP, zija boma limamangira osauka, n'zoona kuti si zathu, zimafuna nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Koma pogona padzidzidzi ndi nkhani ina, musalole kuti akusakanizireni ziwirizi.

Malangizo anga: musayende nokha. Sonkhanani a m'nyumbamo, eni dziko ndi obwera omwe, musankhe komiti, mutenge mapepala a kukhotiwo mupite nawo ku mabungwe a maloya othandiza osauka, SERI ku Braamfontein kapena Lawyers for Human Rights. Milandu yotereyi ndi imene amagwira. Tsiku la kukhoti lolembedwa papepalapo musaliphonye, chifukwa woweruza akapanda kukuonani amamva mbali imodzi.

Mlonda wa ku Turffontein

Bambo telala anena zoona za m'mabuku, sindikutsutsa. Koma achemwali, ine ndikukumbutsani za Usindiso, chifukwa maliro ake tinasonkha nawo.

Usiku wa pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ya pa 80 Albert Street ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ana ali momwemo, Amalawi anzathu ali momwemo. Nyumba ija sinali ya kampani, inali ya khonsolo yeniyeniyo. Moto usanazime n'komwe, andale anali atayamba kale kulozana zala: awa akuti vuto ndi obwera opanda mapepala, awo akuti vuto ndi mabungwe amene amaletsa kutulutsa anthu. Opulumuka ena anawaika mu holo ya Hofland Park ku Bez Valley. Ambiri mwa anthu akwathu anaopa kukwera mabasi opita kumalo amenewo, anagona panja pamsewu kapena kwa abale. Tinkawanena kuti ndi amantha. Pofika November chaka chomwecho, a mu holo aja anawasankhula. Ena anawapititsa ku mikhukhu ya malata ku Denver, opanda mapepala anawatengera ku Lindela, ku Krugersdorp. Ambiri mapasipoti awo anali atapsa m'moto womwewo. Zinatengera maloya kupita ku High Court kuti asawathamangitse m'dziko asanapereke umboni.

Komiti yofufuza imene inatsogozedwa ndi Justice Sisi Khampepe inatulutsa lipoti mu May 2024, n'kupeza kuti khonsolo ndi kampani yake yoyang'anira nyumba, JPC, zili ndi mlandu chifukwa zinkadziwa mmene nyumbayo inalili kwa zaka koma osachitapo kanthu. Lipoti labwino, inde. Koma amene anagona ku Lindela anagona basi.

Ndiye pamene maboma awiriwa amagwirizana msanga ndi pa ife opanda mapepala: wina amapeputsa chiwerengero cha anthu ofuna pogona, wina amaonetsa kuti akugwira ntchito. Ine ndikanakhala inu, nambala ya pasipoti sindikanapereka kwa munthu aliyense wongobwera ndi fomu. Ndipo yambani kusunga kangachepe ka dipoziti ya chipinda china, ngakhale ku Bertrams kapena ku Malvern, kuti mwana asasiye sukulu pakati pa chaka.

Mayi wa Mvano wa ku Rosettenville

Mwanawe, ndakumva ndipo mtima wandiwawa. Ndinali kuno mu May 2008 pamene chipolowe chinayamba ku Alexandra, anthu 62 n'kuphedwa. Tinkaphika nsima kutchalitchi n'kukapereka ku matenti a ku Glenanda, pa Rifle Range Road. Nthawi imeneyonso funso linali lomweli. Chigawo cha Gauteng chinkafuna kutseka misasa msanga, Home Affairs inkafuna kulemba anthu, ndipo okana kulembetsa anawatengera ku Lindela. Isanathe 2008 misasa yonse ya ku Joni inali itaphwasulidwa, anthu anauzidwa kuti abwerere komwe anawathamangitsa kuja.

Mnzako wa ku Congoyo umuuze za ku Cape Town, kuti asayembekezere kuti pepala la asylum limubweretsera denga. Mu October 2019 othawa kwawo anakamanga msasa pa ofesi ya UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, atachotsedwa anakalowa m'tchalitchi cha Methodist pa Greenmarket Square. Corona itabwera mu 2020 anawasamutsira m'matenti awiri akuluakulu, ku Wingfield ndi ku Paint City ku Bellville. Amati ndi kwa kanthawi. Zaka zinadutsa khonsolo ya kumeneko ndi maunduna a boma lalikulu akukangana kuti alipire tenti ndani, zimbudzi ndani, awachotse ndani. Ana anabadwira m'matenti amenewo. Akuluakulu a boma amatiyesa mame oti dzuwa likatuluka tikamuka, n'chifukwa chake sakonza chokhalitsa, pomwe ena tili ndi adzukulu obadwira kuchipatala cha Baragwanath.

Komabe tinene chilungamo. Mayi wa Chizulu amene umatunga naye madzi pampopi uja mwina analembetsa nyumba m'ma 1996 ndipo mpaka lero akudikira. Akamva kuti khonsolo ikufuna kupatsa malo munthu wa ku Machinga, mkwiyo wake uli ndi pochokera, ngakhale waulozetsa kolakwika. Ifenso kwathu si oyera. Dziko lomwe linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni nthawi ya nkhondo yawo ndi lomwenso mu May 2023 linagwira Aburundi ndi Anyarwanda m'mashopu ku Lilongwe, kuwagoneka ku Maula, n'kuwabweza ku Dzaleka komwe kunali kutadzaza kale. Ndimachita manyazi ndikaikumbuka, chifukwa ena mwa amene ankaombera m'manja tsiku limenelo ali ndi ana awo kuno.

Za kalembera ndili pakati pa abambo awiriwa. Ukapanda kulembedwa, khoti silidziwa kuti m'chipindamo muli ana awiri, ndipo tsiku logawa malo udzauzidwa kuti sunali wa m'nyumbamo. Lembetsa, koma kudzera kwa maloya a komiti yanu.

Mayi wa ku Doornfontein

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Dzulo madzulo ndinawawerengera anzanga zimene mwalembazi titakhala pamasitepe, wina akumasulira m'Chizulu, mnzanga wa ku Bukavu akumasulira anzake m'Chiswahili. Za Saratoga Avenue palibe ankazidziwa, chonsecho timadutsamo tsiku ndi tsiku popita ku Hillbrow.

Chimene chinandidabwitsa ndi agogo ena a ku KwaZulu-Natal a pansanja yachiwiri, amene sitinkalankhulana kwenikweni. Anaimirira n'kunena kuti iwonso munthu wa mafomu uja anawauza kuti malo ndi ochepa chifukwa obwera achuluka. Ndiye kuti ife anatiuza kuti malo ndi a eni dziko, iwo n'kuwauza kuti malo tatha ndife. Agogowo ndi amene asankhidwa kukhala wapampando wa komiti. Anyamata a pageti sanasangalale, akuti tikapita kwa maloya tiona, koma anthu akana kubwerera m'mbuyo.

Achimwene a ku Turffontein, mawu anu sindinawataye. Pasipoti yanga ndi makadi a kuchipatala a ana ndazijambula pafoni, zenizenizo ndakasungitsa kwa abwana anga ku Kensington, ndipo ndayamba kufunsa za chipinda ku Bertrams. Koma kuthawa ndekha n'kusiya mnzanga uja ndi ana ake atatu sindingathe, ndiye amene amandionera ana ndikachedwa kuntchito. Lolemba tikupita ku Braamfontein anthu asanu. Bambo telala, kupatula mapepala a kukhoti, tinyamule chiyani china?

Telala wa ku Fordsburg

Nyamulani chilichonse chosonyeza kuti mwakhalitsa m'nyumbamo, mayi: kalata ya kusukulu ya mwana yokhala ndi adiresi, khadi la kukiliniki, mauthenga a pafoni amene anyamata a pageti amakukumbutsirani renti, ngakhale zithunzi zakale za m'chipindamo. Lembani m'kope mabanja onse, chipinda ndi chipinda, ana ndi zaka zawo, odwala ndi okalamba, ndi zimene banja limapeza pamwezi osakokomeza kapena kuchepetsa. Kopelo lisungidwe ndi agogo apampando. Za masiku anu otha aja muwauze maloyawo poyera tsiku loyamba lomwelo, ndipo muwafunse mwachindunji kuti mndandandawo ukafika kukhoti adzauona ndani.