Zowonjezera pa funso la giyabokosi ya A340E yochedwa kusintha magiya

Achimwene ena a ku Chilenje, ku Lusaka, anafunsa za Toyota Cressida yomwe anaikamo injini ya 1JZ, yokhala ndi giyabokosi ya otomatiki ya A340E: giya yachiwiri ikumachedwa kulowa kenako n'kugunda. Tinati ayambe ndi kebulo ya kickdown, yochokera ku throttle kupita ku giyabokosi. Abwera ndi yankho: kugunda kwatha, kuchedwa kudakalipo.

N'zomveka. Pa A340E kebulo ija imangoyendetsa presha ya mafuta a m'giyabokosi, siyisankha nthawi yosinthira giya. Injini ili yozima, pondani accelerator mpaka pansi, kachitsulo kophanidwa pa kebulo katuluke pa labala osapitirira 1 mm. Mukaikoka kwambiri kebuloyo, magiya amagunda. Mukaimasula, makilatchi amaterereka n'kupsa, ndipo apa ndalama zimapita zambiri. Chonde musaimasule pofuna kufewetsa.

Nthawi yosinthira imalamulidwa ndi kompyuta, potengera TPS (sensa youza kompyuta mmene throttle yatsegukira) ndi speed sensor yoyeza liwiro. Kuchedwa kotereku nthawi zambiri ndi TPS yomwe inamangidwa mopendekeka pomwe ankaika injini: kompyuta imaganiza kuti mwaponda kwambiri. Masulani tizomangira take tiwiri, muitembenuze pang'onopang'ono ndi multimeter m'manja, mpaka mapini a pa TPS otchedwa IDL ndi E2 azilumikizana throttle ili yotseka, n'kusiyana ikangotseguka pang'ono. Yezaninso ma solenoid S1 ndi S2 (mavalavu amagetsi osinthira magiya), iliyonse ipereke ma ohm 11 mpaka 15.

Ngati munaika matayala aakulu kapena munasintha difu, giya izilowa pa liwiro lina ngakhale zonse zili bwino. Apo pangafunike kompyuta yapadera ya giyabokosi.

Mafuta a giyabokosi yezani atatentha, mutayenda kaye pa Kafue Road. Akanunkha mopsa, lekani kusintha zinthu, tsegulani sampu.