Wear, put on, dressed ndi clad zimasiyana pati?

Nachisale: Akuluakulu, ife timangoti "wavala" basi, koma m'Chingerezi muli wear, put on, dressed, clad. Ana a Fomu 4 akumawasokoneza kwambiri polemba chimangirizo. Tithandizeni.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Mayi, vuto lagona pa mawu athu oti kuvala, chifukwa amasenza zinthu ziwiri. Put on ndi ntchito ya kamphindi: kupisa mikono m'malaya, kumanga mabatani. Wear ndi pamene chovalacho chili kale m'thupi. Polozera munthu pa depoti nenani "he is wearing a red shirt". Mukati "he is putting on a red shirt", ndiye kuti munthuyo akadali mkati movala pomwepo. Apa ndi pamene ana ambiri amataya malikisi. Awuzeninso kuti ndi "put it on", osati "put on it", komanso kuti mneni wa wear amasintha motere: wear, wore, worn.

Phiri wa Zomba: Ndiwonjezere za dress. Kutsogolo kwake kumabwera munthu wovekedwayo, osati chovala. "Dress the baby" ndi kuveka mwana, koma "dress a shirt" kulibe. Kuvala wekha m'mawa ndi "get dressed", kutchena ndi "dress up". Wovala zakuda pamaliro ndi "dressed in black". Mawu oti with sagwira ntchito pamenepa. Kuchipatala "dress a wound" ndi kutsuka bala n'kulimanga bandeji, pamene "dressed chicken" ndi nkhuku yososola ndi kutumbula kale.

Namaluwa: Clad ndi mawu akale ochokera ku clothe, ofanana ndi clothed. Mumawapeza m'mabuku ndi m'nyuzipepala, pocheza samveka kwenikweni. Amakonda kumatidwa ku mawu ena: "snow-clad" ndi phiri lokutidwa ndi chipale chofewa, "scantily clad" ndi munthu wovala mosabisa thupi. Ironclad poyamba zinali sitima zankhondo zokutidwa ndi zitsulo, ngati Warrior ya ku Britain ya mu 1860. Lero "ironclad agreement" ndi mgwirizano wopanda pothawira. Cladding ndi zomwe amakutira kunja kwa makoma, zija zinafalitsa moto pa nyumba yosanja ya Grenfell Tower ku London mu 2017.

Pa mawu oti cover ndife olemera mawu kuposa eni Chingerezi. Kufunda bulangete, kuvindikira poto, kuphimba kumaso, zonsezi iwo amangoti cover. Kukulunga ndiye wrap. Mwana wobwera ali matope okhaokha ndi "covered in mud".